Zitenje 60 pa Dzina Langa

Ndinakumana naye mu April 1993, kamvula ka ku Mzuzu kosadziwa kukata kaja kakuwaza. Ndinali nditayala zitenje kunja kwa msika, iye n'kubwera kudzandigwirira ambulera.

Yobooka, anzanga. Tinanyowa tonse awiri, koma ine ndi uchitsiru wanga ndinati koma ndiye ndapeza gentleman.

"Monire, mama. Ndine Lusayo. Mwachokera ku South, eti?"

"Ndine Munirah, wa ku Mangochi."

"Yewo chomene. Welcome to the North."

Apo n'kuti ndangotha miyezi inayi mu Mzuzu, ndikukhala kwa azakhali anga ku Chibavi. Mlendo kumsika palibe amamukongoza katundu. Amene ankagulitsa zitenje pa holoselo anali Che Salehe, munthu wakwathu komweko, koma zoti ndife akumudzi kumodzi sankazimva n'komwe.

Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Mwana wanga, sindikukudziwa. Tenga ziwiri. Lachisanu ndisanapite kumzikiti ubweretse ndalama. Ukatero udzatenga zinayi."

Dzina limapangidwa choncho. Ziwiri, zinayi, kenako khumi. Lachisanu lina malonda atavuta ndinagulitsa nsapato zanga za pa Idi kuti ndisaphonye. Pofika December ndinkatenga zitenje 30 pa sabata, ndipo Che Salehe ankandiloza kwa eni mashopu anzawo n'kumati, "Uyu mukhoza kumukongoza."

Ndinalibe nyumba, ndinalibe munda. Chuma changa chonse chinali mawu amenewo.

Lusayo yekha anali wa matipate. Ntchito analibe, koma jekete anali nalo, limodzi lomwelo Lolemba mpaka Lamulungu. Nthawi ya referendum ankayenda ndi nyali dzuwa likuswa mtengo, ati kuphunzitsa anthu chizindikiro chovotera. Madzulo ankandiperekeza ku Chibavi akulalikira za democracy njira yonse, tchipisi ndikugula ine.

"Munirah, dziko likusintha. Ndikangolowa ku Parliament, shopu yako idzakhala ya magalasi okhaokha."

Ndinamukonda, sindinama. Munthu ukakhala mlendo, aliyense wokuitana dzina lako mokoma amaoneka m'bale.

Mu February 1994 malungo anandigwira Lachinayi. Kutacha ndinamanga ndalama m'kansalu n'kumutuma kwa Che Salehe. Anakapereka yonse, osachotsapo ngakhale tambala imodzi. Ndinamutumanso kawiri, chimodzimodzi.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kwa Che Salehe, amene wamutuma kubweretsa ndalama ndi amenenso akhoza kukutengera katundu. Lamuloli ndinkalidziwa bwinobwino. Chikondi chinangonditseka m'maso.

Lachisanu lina mu March ndinapita ndekha.

"Izi ndi za 30," anatero Che Salehe atawerenga. "Nanga za 60 zija?"

"60 ziti, bambo?"

"Zimene anatenga mnzako uja Lolemba. Anati wapeza oda ya ukwati ku Nkhorongo."



Ndinamusakasaka tsiku lonse. Loweruka ndinakamupeza pabwalo lina ku Ching'ambo, kumene chipani chawo chinkasankha munthu woti adzachiimire pa chisankho. Azimayi akuvina, fumbi kobo, aliyense wavala chitenje chatsopano cha maluwa obiriwira. Zanga zija. Bwana Lusayo ali pamwamba pa tebulo akukuwa kuti, "Amama, iyi ndi mphatso yochokera m'thumba mwanga!"

Thumba liti? Munthu woti ndalama ya tchipisi inkamusowa?

Atatsika ndinamukoka jekete.

"Lusayo, zitenje zanga."

"Relax, my dear. Iyi ndi investment. Ndikawina tibweza kawiri."

"Unandifunsa?"

"Ukanakana. Vuto lanu amalonda mumangoganiza za Lachisanu. Ife tikuganiza za dziko."

Kuvota kwake kunali koima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Ndinaima poteropo kuti ndione. Azimayi aja, zitenje zanga zili m'chiuno, anayenda mwaulemu ndithu n'kukafola kumbuyo kwa a Boniface, ahedi ena opuma pantchito amene sanagawe ngakhale switi.

Kumbuyo kwa Lusayo kunaima anthu asanu ndi awiri. Atatu anali achibale ake. Wina ataona kufupika kwa mzere anayerekeza kukataya madzi, osabwereranso.

Ndinaseka mpaka misozi, anzanga, ndipo sindikudziwa kuti kuseka kunathera pati, kulira n'kuyambira pati.

Sabata yomweyo anathawira kwawo ku Karonga. Patapita mwezi ananditumizira kalata ya masamba anayi. "Politics is a dirty game, uzindipempherera." Ndinaikutumula envelopuyo kuti mwina mugwa kanthu. Ndi pepala lokhalokha. Azakhali anayatsira mbaula.

Ngongole ija ndinaibweza miyezi khumi ndi inayi, kwacha itagwa, zinthu zitakwera mtengo. Anthu ankavina m'misewu kuti boma lasintha, ine ndikukazinga mandasi kuti Lachisanu lisandipeze chimanjamanja. Sindinaphonye ngakhale limodzi.

Tsiku lomaliza Che Salehe anadula mzere m'kope mwawo.

"Wamaliza, mwana wanga. Mulungu akudalitse."

"Ndiye nditengeko khumi, bambo? Ndiyambirenso."

Anatseka kope lija pang'onopang'ono.

"Uzibwera ndi cash. Sindikunena kuti ndiwe wakuba, ayi. Koma munthu wosadziwa kusankha womutuma sindingamusungitse katundu wanga."

Ndinayesa mashopu ena atatu. Konse nkhani inali itafika kale.

Anzanga, mtima mupatseni amene mukumufuna, ukasweka umapola. Wanga unapola kalekale, ndipo Lusayo ndikamukumbukira ndimangotsonya. Koma dzina musamabwereketse. Langa mu Mzuzu silinadzukenso, ndipo chaka chomwecho ndinakwera basi kubwerera ku Mangochi.