Nsomba Yotupa Khosi ya kwa a Maseko

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa mbatatesi mumsika wa pa Boma. N'kuti nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndili kwathu ku Kandeu. Azakhaliwo anaimba foni kuti kasitomala wawo wina, mayi Maseko, akufuna mtsikana wothandiza pakhomo. Ndinanyamula kachikwama kanga n'kupita, ndikudziwa kuti ndikukachapa, kukolopa ndi kuphika.

Pabalaza pa a Maseko ndinapeza thanki yagalasi yaitali ngati tebulo. Bambo Maseko anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo munali mbuna, tinsomba tam'miyala ta kunyanja, tina tachikasu, tina tabuluu. Ndisanaone n'komwe pogona, bwanayo anandiimika patsogolo pa thankiyo n'kuyamba kundiphunzitsa. Pampu ya mpweya isazime. Hita, kandodo kotenthetsa madzi, ikhale yoyaka chifukwa kuno kumazizira. Siponji ya mu sefa, kamakina koyeretsa madzi, izichapidwa ndi madzi a m'thanki momwemo, osati a pampopi. Zinyalala zapansi ndizizikoka ndi kapaipi kupita mundowa. Madzi atsopano azigona kaye mubeseni kuti mankhwala a kumpopi auluke.

"Ndipo sopo asayandikire pano, Esinati," anatero. "Sopo ndi poizoni kwa ana angawa."

Madamu analibe nazo chidwi. "Zimangotha mayunitsi a magetsi," ankatero, "kudya osadyeka." Ine ndinali pakati. Ndikachedwa kuthanki, madamu ankakuwa kuti mbale zauma ndi nsima. Ndikathamangira mbale, bwana ankaloza ndere pagalasi.

M'nyengo ya chisanu, nsomba imodzi yachikasu inasiya kudya. Inkangobisala kuseri kwa mwala, kukhosi kutatupa ngati yameza mwala womwewo. Bwana anandifunsa ngati ndinagwira chakudya chake ndi manja amafuta. Kenako anagula mankhwala abuluu n'kudonthezamo, koma kutupako kunkangokulira. Ndiye Loweruka lina analawirira ku Tsangano kukapikula mbatatesi, chifukwa ndiyo inali bizinesi yawo.

Tsiku lomwelo madamu ankalandira amayi a kutchalitchi. Akukonza pabalaza anaiona nsomba ija itatulukira pagalasi.

"Chotsa chinthu chodwalachi. Alendo asamwe tiyi akuyang'ana zonyansa."

Ndinati tidikire bwana. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti pakhomopo anandilemba ntchito ndani. Ndinatenga kaukonde, n'kutunga madzi a m'thanki mundowa, n'kuyamba kuisaka m'miyalamo. Nditangoikola, inatsegula kukamwa. Munatuluka tinthu tambirimbiri tonga mpunga wokhala ndi maso. Tiana! Tina tinagwera mundowa limodzi ndi mayi wawo, tina tinabalalika m'thanki, ndipo nsomba zinazo zinayamba kutidya pompo. Tina sefa inkatikokera m'kati.

Ndinazimitsa sefa n'kuyamba kuwola tianato ndi sefa ya tiyi, chifukwa maso a kaukonde anali aakulu. Ndinkatiika mubeseni la madzi ogona aja. Manja onse m'madzi, malaya atanyowa mpaka m'khwapa, ndinapempha madamu kuti aimbire bwana. Netiweki ya ku Tsangano inkangodukaduka. Mawu a bwana amene ndinawamva bwino anali akuti, "Kasafe ngakhale kamodzi!" Foni inaduka, ndipo posakhalitsa magetsi nawo anathima.

Pampu inangoti zii, hita n'kuzima. Ndinakumbukira zimene bwana ankachita magetsi akathima. Ndinkatunga madzi ndi kapu n'kuwatsanulira m'mwamba kuti mulowe mpweya, kuthanki, kundowa, kubeseni, n'kubwereranso. Ndinakoleza mbaula, n'kuthira madzi ofunda m'mabotolo apulasitiki, n'kuwayandamitsa mubeseni kuti tiana tisaume ndi chisanu. Mbaula yomweyo madamu ankaifuna ya tiyi.

"Esinati! Mandazi aja ali kuti? Chotsa mabeseni akowa pabalaza, anthu afika pageti!"

Ndinanyamula ndowa kupita nayo kuchipinda kwanga. Beseni linali lolemera, ndiye ndinangolikokera pakhonde pamene panali kadzuwa. Ndinathamangira kukhitchini, kuthira tiyi m'fulasiki, kuyala makapu, kugwada, kupereka moni kwa mayi aliyense payekhapayekha, mtima uli kubeseni.

Potuluka ndinapeza mayi wina wachikulire atawerama pakhonde, akusamba m'manja mubeseni muja, sopo wa pawindo ali m'manja. Thovu linali litadzaza.

"Mwana iwe uli ndi khalidwe," anatero akumwetulira. "Mpaka kutifunditsira madzi!"

Munthu wamkulu, mlendo wa madamu, ukanamuuza chiyani? Ndinangowapatsa kansalu kopukutira, iwo n'kulowa. Ndinayesa kusamutsira tianato m'madzi ena, koma tinali titayamba kale kuyandama chagada. Ndinakhala pansi pakhondepo, sefa ya tiyi ili m'manja, m'nyumba akuimba nyimbo yotsegulira. Mkwiyo umene ndinali nawo sindinkadziwa kuti ndiulozetse kwa ndani.

Kuchipinda ndinakapeza ndowa ilibe kamwana n'kamodzi komwe. Ndinati basi, mayiyu wadya ana ake. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kukhosi kwatupanso, ndipo pakamwa pankaoneka timaso. Anali atawabwezera m'kamwa. Ndinavundikira ndowayo ndi chitenje n'kuisiya.

Bwana anafika madzulo, fumbi lili m'mutu. Atamva nkhani yonse anagwira m'chiuno.

"Aliyense amadziwa kuti mbuna zimalera ana m'kamwa! Unaigwiriranji?"

Aliyense amadziwa! Munthu yemweyo amene ankaithira mankhwala, amene anandinena za manja amafuta. Ndinayang'ana madamu kuti mwina anena kuti anandituma ndi iwo. Anali otanganidwa kupukuta makapu.

Tiana totsalato ndinatilera ndine. Mayi wawo atatilavula, bwana anagula kathanki kena, n'kukaika pafupi ndi bedi langa. Ndinkapera chakudya cha nsomba ndi supuni mpaka chisanduke ufa, nthawi zina n'kutipatsa kachikasu ka dzira lowiritsa, kochepa ngati kunsonga kwa machesi. Ukachulutsa, madzi ankachita mbuu n'kununkha. Pakamwa pa paipi ya sefa ndinamangapo kansalu ka neti ya udzudzu. Madzi ndinkasintha pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, zala zitauma. Tianato tinakula, tinayamba chikasu, ndipo alendo akabwera bwana ankawatengera kukathankiko n'kumati, "Izi ndaswetsa ndekha." Zitakula zinayambanso kutupa makosi, ndipo pamene ndinkachoka pakhomopo kupita kukaphunzira zosoka, mabeseni ochapira onse anali ndi nsomba.

Za nsomba ndinaphunzira kuti ikasiya kudya usathamangire kaukonde, uyambe waiyang'ana m'kamwa. Koma chimene chandithandiza kwambiri ndi china. Pamene pali mabwana awiri, wina akuti chotsa, wina akuti usakhudze, ine sindisuntha. Ndimaimba foni, n'kuwapatsa kuti alankhulane okha, ine n'kukhala pampando kudikira kuti amalize.