Mbewa Zinandilanda Ndeke

Nditamaliza giledi twelofu ndinakhala pakhonde pathu ku Kapata kudikira marizauti mpaka ndinayamba kumera mizu. Ndiye kunabwera azungu a mafupa. Tinkawatcha choncho ngakhale fupa sanapeze ndi limodzi lomwe. Anali ana a payunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja, obwera kudzaphunzira kukumba zinthu zakale, ndipo pa minda yonse ya pansi pano anasankha munda wa nshawa wa azakhali anga, kumudzi, njira yopita ku Mwami. Akuti pamenepo panali mudzi wa anthu akalekale osula zitsulo.

Ankafuna ana awiri akonkuno omaliza sukulu kuti aziphunzira nawo. Azakhali anati mmodzi akhale mwana wa mlongo wawo, apo ayi azunguwo akakumbe kwawo. Umu ndi mmene ndinalowera. Winayo anali mwana wa ahedi ena a m'tauni, mnyamata wosita ngakhale masokosi, woti akamayetsemula amayetsemula m'Chingelezi. Ndinadana naye asanatsegule pakamwa, ndipo atatsegula ndinaona kuti sindinalakwe.

Tsiku loyamba pulofesa wawo, mzimayi wamtali ngati mlongoti wa netiweki, anatiuza kuti mwa awirife, amene aonetse kuti ntchitoyi ili mumtima mwake adzamutenga chaka chamawa kusukulu ina yokumba, kunja, pandeke. Mmodzi yekha. Madzulo ake Kapata yense anali atadziwa kale kuti ndikupita kunja. Ndinaimbira amayi, anzanga, ngakhale mtsikana wina amene sitilankhulana, kuti nayenso amve kuwawa. Jekete yanga yapasalaula, ya pamulu wa zovala zakale ija, ndinailonjeza kwa anthu angapo.

Ntchito yake, abale, ndi chipongwe. Munthu wakula ndi khasu, iwo akukupatsa kachipande kachitsulo ka omanga nyumba ndi bulashi. Amamanga zingwe pansi kupanga timabwalo ta makona anayi, aliyense kake, ndiye uzikanda dothi pang'onopang'ono ngati ukupala mamba a nsomba ya apongozi. Dothi lonse lipite pasefa. Khoma la dzenje likhale loongoka, losalala, chifukwa akuti pakhomapo ndi pamene amawerengera mibadwo: dothi la pamwamba ndi la dzana, la pansi ndi la makolo. Ukangotsamira khomalo amakuwa ngati waponda mwana.

Ana achizunguwo ndiye musanene. Kudzola mafuta a dzuwa m'mawa, masana, ndi pamene kulibe dzuwa. Kujambula nkhuku, kujambula mbuzi, kujambula azakhali akutola nkhuni osawapatsa n'komwe moni. Wina analira misozi yeniyeni chifukwa cha linthumbu limodzi. Wina anandifunsa ngati ndinaonapo firiji. Ndinamuuza kuti kwathu nyama timaisunga m'kamwa mwa ng'ona. Anagwedeza mutu mwachisoni, ine ndinamusiya choncho. Koma mwana wa ahedi ankawasekerera mpaka mano kuuma, kuwanyamulira mabotolo a madzi, kuwaphunzitsa "zikomo" ngati iye ndiye anapanga mawuwo.

Iye m'kabwalo kake ankangopeza mapale, zidutswa za miphika yosweka, n'kumazisanja ngati mabisiketi a alendo. Ine ndinapeza mkanda. Wobiriwira ngati kumwamba, pansi penipeni, pafupi ndi khoma langa. Ndinakuwa mpaka madalaivala a mathiraki kumalire a dziko ku Mwami anazimitsa mainjini. Pulofesa anagwada, nauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mikanda ina yotere inkabwera ndi amalonda akale ochokera kugombe, koma tisathamange, uyenera kuyesedwa kaye. Za kusathamangazo ine sindinazimve. Ndinamva phokoso la ndeke basi. Mwana wa ahedi anati wandisangalalira, nkhope ili ngati wameza ndimu ndi makoko omwe.

Tsopano pali msuweni wanga, mwana wa azakhali, munthu wamkulu ndithu wandevu zake koma mutu wodzaza ndi mbewa. Mwa chisuweni chathu amanditcha mkazi wake chibadwire changa. Loweruka anabwera kudzaona dzenje, naima m'mphepete, maso ali pakhoma langa pamene panali kachibowo kotsekeka ndi dothi lofewa.

"Mkazi wanga, pakhoma pako pali ndiwo."

"Ukakhudza pamenepo ndikukwirira momwemo, azungu a mtsogolo adzakupeze."

Anaseka, ine n'kuyesa wamva.

Pa Sondo azungu anapita kutauni kukasambira ndi kugula zitenge zoti azikavala molakwika kwawo. Ife tinapita ku Misa. Sindinaone kuti msuweni watuluka m'tchalitchi nthawi yanji. Masana ndikubwerera ndinaona utsi kumunda. Ndinathamanga ndi nsapato za kutchalitchi, ndipo ndinamupeza ali m'dzenje langa mpaka m'chiuno, khasu m'manja, udzu ukufuka. Khoma limene ndinalisalaza mpaka zala kutha linali ngati pagunda thiraki ya simenti. Zingwe zili uko. Pambali anali atandandalika mbewa zake, zonenepa ngati ana a mabwana.

Ndinamutukwana zonse zimene ndinaphunzira ku Kapata, ndi zina zimene ndinapeka pomwepo. Iye osatekeseka. Anati munda ndi wa amayi ake, nyengo ndi ya mbewa, ndipo munthu wanzeru saona una n'kuudutsa. Anati pakati pa kabwalo sanakhudzepo, wangotsata una wokha, monga amachitira aliyense: ukapeza polowera umalondola mpaka pafunkha, kachipinda kamene mbewa zimagona ndi kusungiramo chakudya. Kuti unawo wadzera m'khoma langa, imeneyo ndi nkhani ya mbewa, ndikazifunse.

"Ndipo undithokoze, mkazi wanga. Iwe sabata yonse kamkanda kamodzi. Ine taona."

Anatambasula dzanja. Mikanda yobiriwira yodzaza chikhatho, yofanana ndendende ndi wanga uja, yosakanikirana ndi makoko a nshawa. Ina inali ikadali pa katcheni kadzimbiri. Kumapeto kwa katcheniko kunali kamtanda.

Ndinamupempha, ine amene sindipempha munthu. Ndinati aitaye m'chimbudzi, ndidzamutumizira foni ndikafika kunja. Anakana, akuti chinthu chodalitsidwa satayira m'chimbudzi. Lolemba m'mawa, ndisanaganize n'komwe bodza labwino, anali ataima kale pamaso pa pulofesa, mikanda ili patsamba, akumwetulira ngati wabweretsa malobolo. Azakhali atasuzumira anagwira pamtima. Inali kolona yawo, imene inawatayika akupalira zaka zapitazo, imene anaisaka mpaka kukayikira amayi ena a m'kwaya.

Pulofesa ataona khoma anafiira, kenako anayera, kenako anakhala mtundu umene ulibe dzina. Ndinati lero msuweni amangidwa, ndipo ndinakonzeka kukachitira umboni. Koma mzimayiyo anagwada n'kuyamba kulondola unawo ndi chala, kuchokera pamwamba mpaka pamalo penipeni pamene ndinatola mkanda wanga. Basi anasangalala. Anaitana ana ake onse kuti agone chafufumimba aone mmene tinyama timatsitsira zinthu za lero m'dothi la makolo. Kabwalo kanga kanasanduka chitsanzo cha kabwalo koonongeka. Anakajambula mbali zonse, ine nditaima pambali ngati mwini maliro. Msuweni anamujambulanso, atanyamula mbewa kumchira.

Mwana wa ahedi anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Pepani asisi, zimachitika." Ndinamuuza kuti asisi ake ali kwawo akusita masokosi.

Azakhali sanathere pomwepo. Anawerenga kolona yawo n'kupeza kuti ikuperewera, ndipo anatambasula dzanja kwa pulofesa. Mkanda wanga unatuluka m'kathumba kake kapulasitiki, pamaso pa anthu onse, n'kubwerera kwa mwini wake.

Tsiku lotsekera azungu anasankha mwana wa ahedi uja ndi mapale ake. Pulofesa ananditengera pambali n'kunena kuti si chifukwa cha mbewa ayi, akuti ine ndili ndi maso akuthwa koma pakamwa pamakumba mofulumira kuposa manja. Bodza. Mkandawo ukanakhala wa amalonda akale, bwenzi pakamwa pomwepa akupatcha luso.

Panopa mwana wa ahedi watenga kale pasipoti, ndipo amayi ake amaionetsa kwa aliyense pamsika ngati ndi mwana wakhanda. Msuweni sindimulankhula. Anatumiza uthenga kuti ukwati wathu ukadalipo, ndinamuyankha kuti akakwatire mbewa. Azakhali anailumikiza kolona ija ndi ulusi, akuti akundipempherera nayo kuti marizauti atuluke bwino, ndipo sakuona chimene ndikukwiyira.

Vuto ndi Kapata. Munthu sungapite kukagula tomato osamva "Aa, a kunja, simunanyamukebe?" Ndimawauza kuti ndinakana ndekha, kumeneko kumazizira mpaka malovu amauma asanafike pansi. Ena amakhulupirira. Mtsikana amene sitilankhulana uja sakhulupirira, ndipo wayamba kundipatsa moni.