Kamphika ka a Idrissa

Sindinamvetsepo chimene chinkawaletsa a Idrissa kukhala malo amodzi. Mumsika wa Zomba anali ndi benchi yawoyawo, koma kawirikawiri pankakhala popanda munthu. M'mawa uwaona kudepoti, masana ali pamsewu wokwera kuphiri, dengu la buledi paphewa, kudikira azungu obwera kudzajambula nyumba zakale za atsamunda.

Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, kuchokera ku Kelimane, kunyanja yamchere, komwe bambo awo ankaphikira Mpwitikizi wina buledi. Chimene anawoloka nacho malire chinali kamphika ka ufa wokanda, wosasa. Tsiku lililonse ankatapamo pang'ono n'kutupitsira buledi, kenako n'kubwezeramo ufa ndi madzi kuti usathe. Buledi wake anali wolimba kunja, wofewa mkati. Ndinkagula, koma sindinawayamikepo. Oyamika analipo kale okwanira.

"Inu Apwitikizi, takhalani pansi, mwatizunguza mutu!" ankatero a Maliya, ogulitsa matemba, amenenso anayandikana nawo nyumba ku Mbedza.

"Ndikakhala, mayi, buledi wanga anunkha matemba anuwo."

"Nanga kwanu kunyanjako kumanunkhira maluwa?"

Chaka chatha malungo anawagoneka m'chipatala. Monga timachitira akadwala munthu wokhala yekha, amayi oyandikana nawo anapita kukasamala pakhomo, kusesa ndi kutsuka ziwiya. A Maliya anapeza kamphika kaja kuseri kwa chitseko, kakuchita thovu, fungo ngati la mowa. Anakataya zamkatizo kudzala, kamphikako n'kukakwecha ndi mchenga.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndinawaperekeza kunyumba. Anasuzumira m'kamphikamo nthawi yaitali.

"Watsuka ndani?"

"Ndine, achimwene," anayankha a Maliya ali pakhomo. "Zinali zitaola. Mukanadwala nazonso."

"Zikomo, mayi," anatero, osakweza mawu.

Anayesa yisiti wa m'sitolo. Buledi anatupa ndithu, ndipo ogula sanadandaule, koma iwo ankanyema mmodzi, kununkhiza, n'kuika pambali. Anayesa kusasitsa ufa watsopano ndi thobwa, kenako ndi nthochi zakupsa. Ayi, sunali womwe uja. A Maliya atamva chimene anataya, anapita kukapepesa atanyamula ufa watirigu. A Idrissa analandira ndi manja awiri, n'kuwauza kuti mlandu palibe.

Kuyenda kunangowonjezeka. Analeka kuphika. Ankafunsa aliyense wolankhula Chipwitikizi, oyendetsa malole ndi ogulitsa zitenje, ngati ku Kelimane kudakali ophika buledi mwakale. Wina ankati alipo, wina ankati onse anatembenukira ku yisiti. Ndinawapeza tsiku lina pamlatho wa Likangala akupita uku, kubwerera uku.

"Aphunzitsi," anandiitana, "munthu angaiwale njira ya kwawo?"

Ndinati sindikudziwa, poti ine sindinachokepo kuno.

Lachisanu lina atatuluka mumzikiti sanabwerere ku Mbedza. Makiyi a nyumba anasiyira a Maliya. Wakabaza wina akuti anawaona akukwera minibasi ya ku Liwonde, pomwe wogulitsa makala akulumbira kuti anakumana nawo wapansi, panjira ya ku Jali.