Bamayo bagwa pofuna kuti nipite ku nchito

Mwachoma bwanji nonse.

Lelo m'mawa banitumila foni ba ku yunivesite ija ya ku Kopala, ku migodi kutali na Lusaka, kwamene ninachita intavyu. Banitenga nchito yothandiza pa kafukufuku, ati niyambe mwezi wa mawa. Mudziwa mwamene nazungulila na maenvelopu mu Lusaka muno kuchokela pamene ninatsiliza sukulu.

Nenze kukambila pakhomo, Bamayo bali pa mpando wao mkati, bamvela vonse. Nayankha kuti niganizeko poyamba, chifukwa nisunga kholo lodwala matenda ya sitoloko.

Nikalibe kudula foni, namvela chinthu chagwa. Kuthamangila mkati, napeza Bamayo bali pansi pafupi na ndowa ya manzi, kapu ikali m'manja. Bamayo bamene sibanaimepo bekha kuchokela tsiku banatuluka mu chipatala! Batupa pa chipumi, koma ku kiliniki bati palibe chothyoka.

Pobanyamula sibanalile. Banigwila dzanja, na lilime lao lolema lija bati, "Waona, nafika pa ndowa nekha. Yenda."

Ba Mutale, ndimwe bakulu pa ise tonse bana ba Bamayo. Mwila m'bale wanga, iwe ukhala mu komboni ya George apa, kubwela kuno ku Matero ni kuyenda na mendo chabe. Nchito iyi niifuna, sininganame, koma siningalole Bamayo bazidzigwetsa pansi kuti ine nipite. Ba ku yunivesite bafuna yankho pa Chisanu.

Musanitumile pa foni tuzithunzi twa tumanja twa mapemphelo, napemphela kale. Nifuna dzina. Nindani azabwela kukhala na Bamayo?