Dzina langa la ubwana linakana kutuluka m'kompyuta

Pa Kachulu pano aliyense amadziwa kuti ndimayankhula mokweza, koma palibe anandigwirapo bodza, ndipo izi ndikulembazi zinandichitikira ineyo, osati zongomva pa minibasi ayi.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 90, nyanja itabwerera pambuyo pa kuuma kuja. Mwana wanga woyamba anali atatchona ku Joni, osatumiza ngakhale kalata. Ndiye mwana wa chemwali anga, bambo wandevu zake amene ankagwira ukalaliki mu ofesi ina ku Zomba, anandiuza kuti m'kompyuta muli bwalo lomwe Amalawi a kunja amachezerapo, ndipo ndikalowamo ndi dzina langa mwina wotchonayo aliona. Ndinapita Loweruka masana, mabwana ake kulibe.

Atalemba dzina langa, makinawo anakana, ati wina analitenga kale. Dzina langa ine, mwini mabwato atatu, wina ndani? Pamenepo ndiye pofunika kunyamuka, koma anandikakamiza kuti amalume tchulani lina lomwe kulibe munthu angakhale nalo, ndipo pakamwa panga panapulumuka dzina la ubwana, lomwe ndinalisiya ku jando. Inu a kwathu kuno mukudziwa, dzina limenelo likasiyidwa lasiyidwa, ngakhale mkazi wanga sanalitchulepo.

Posakhalitsa anandiwerengera kuti wina wa ku Ulaya akundipatsa moni ndi dzina lomwelo, popanda ngakhale Che kutsogolo, kenaka wachiwiri, kenaka wachitatu akufunsa ngati matemba abwerera m'nyanja. Ndinalamula kuti anditulutse msanga. Anadina potulukira, galasi linaphethira, dzina lili pompo. Anadinanso kawiri, chimodzimodzi. Anazimitsa makina kukhoma n'kuyatsanso, potsegula bwalo lija n'kupeza ndili m'kati, anthu akundiitanabe. Iye ankangoti vuto ndi la eni bwalowo, ndisadandaule. Nanga thukuta linkamutulukiranji ngati kanali kanthu kakang'ono? Ndinati atsegule kumbuyo kwa bokosilo tilichotse ndi manja, anakana ati ndi katundu wa abwana. Ndinakwera minibasi dzina ndalisiya m'menemo.

Mwana wanga wa ku Joni uja sanayankhe. Koma patapita masabata awiri, ndikuyanika nsomba padoko dzuwa lili paliwombo, ndinamva dzina lija kumbuyo kwanga, motsitsa, ngati mmene ankandiitanira malemu mayi. Kutembenuka, panali wogula nsomba wachilendo, wovala magalasi, amene anangondifunsa ngati ndili ndi milamba yowamba. Nditamufunsa kuti wati chiyani, anati sanatchule munthu. Sanagule kanthu, ndipo padoko sanaonekenso.

Mwana wa chemwali uja analumbira kuti sanauze munthu, ndipo pambuyo pake anati zinatheka, ananditulutsa. Ine ndinaona ndi maso anga? Ayi. Bwanji nditati tipite ndikadzionere anayamba za mabwana?

Ena amati ndinamva mphepo ya panyanja. Ine ndimakhulupirira kuti sindinatulukemo, ndipo mpaka lero kuli anthu kutsidya la nyanja zamchere amene akundidziwa ndi dzina lomwe ana anga enieni salidziwa. Tsono inu amene ana anu akukukokerani ku makina amenewa, muuzeni mwanayo ayambe walowa yekha n'kutuluka inu mukuona. Akakanika, nyamulani chipewa chanu musanatchule dzina lililonse.