Mchenga pa Lata

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira, ananditumiza kukaphunzitsa sayansi ku Chiparamba. Ana akaweruka ndinkatsalira m'kalasi, poti kunyumba kunalibe wondidikira. Kuti nthawi ipite, ndinafukula makope anga a ku yunivesite, momwe tinkawerengera kanjenjemeredwe ka zitsulo zopyapyala.

Loweruka lina ndinapalasa njinga mpaka ku Kapata, kwa bambo wina wachikulire wokhoma zidebe ndi mbaula. Ndinawapempha andidulire lata losalala, lofanana mbali zonse zinayi, aboole pakati. Sanafunse kuti n'lachiyani.

Kusukulu ndinalimanga pa bawuti, ndinawaza mchenga wosefa pamwamba, n'kumakwecha m'mphepete ndi uta wa nayiloni wopaka utomoni. Lata likalira, mchenga unkathawa ponjenjemera n'kukaunjikana m'mizere pomwe silikugwedezeka. Mizereyo ndinkaiyeza ndi rula.

Masamu anga ankati mizere iwiri idutsane pakati molunjika. Koma umodzi unkakhota. Ndinabwereza masamuwo milungu itatu osapeza polakwika. Aphunzitsi anzanga nditawaonetsa, anamwetulira mwaulemu n'kubwerera ku nkhani yawo ya feteleza.

Ndinabwerera nalo latalo ku Kapata. Bambo aja anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analikoleka pa waya n'kumaligogoda ndi chikhadabo pangodya iliyonse, khutu atayandikiza.

"Aphunzitsi, masamu anu alibe mlandu," anatero. "Ngodya iyi inali yopindika, ndinaiwongola ndi nyundo. Tamvani, sikulira ngati zinzake."

Ine sindinamve kusiyana kulikonse. Anandidulira lina, n'kunena kuti ndiwaonetse zamchengazo pomwepo. Mizere itadutsana bwinobwino, anawerama n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Anati akalambira pa malata akungomva kulira kwake, koma kukuona ndi maso kunali koyamba. Anafuna kudziwa ngati lata lozungulira lingajambule zomwezo. Ndinati sindikudziwa, tidzayesera limodzi. Tinacheza mpaka dzuwa linapendeka. Chaka chonsecho ndinali ndisanalankhulepo ndi munthu motalika chotero.

Kenako mvula inayamba, mayeso nawo anandipanikiza. Ndinapitanso mu Epulo, nditamanga pakaliyala pa njinga chivundikiro cha diramu choti adulepo lozunguliralo. Pamalo paja ndinapeza mayi wogulitsa makala. Anandiuza kuti bambowo maso anayamba kuwavuta, ana awo anadzawatenga kupita nawo ku Lusaka.

Mayiyo anafunsa ngati ndinali wachibale. Ndinati ayi. Ndinaimabe pang'ono, kenako ndinatembenuza njinga.