Mpweya wa ku Kabwata

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinapita kukaonera mpira nditanyamula mpweya m'mabotolo awiri. Sindikunama ayi. Unali mpweya weniweni wa kwathu ku Kabwata, umene ndinatunga ndekha m'mawa kuseri kwa maflati, ndikuyendetsa kabotolo m'mwamba ngati munthu woingitsa ntchentche, kenako n'kutseka msangamsanga kuti usathawe.

Chinandilakwitsa ndi kuwerenga. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma chiyambire ubwana maso anga salola pepala lolembedwa kudutsa mwamtendere. Laibulale yanga inali nyuzipepala zimene ankakulungiramo kapenta ndi zitumbuwa amayi akapita ku msika wa Soweto. Vuto la laibulale yotere n'lakuti nkhani zake zimabwera zong'ambika, motero ndinakula ndikudziwa theka la china chilichonse. Mlungu umenewo ndinapeza chidutswa chonena za timu ya alendo ochokera kudziko lina la m'mbali mwa nyanja yamchere. Wolembayo anati alendowo adzavutika pabwalo lathu chifukwa lili pamalo okwera kwambiri, kumene mpweya ndi wochepa. Mawu otsalawo anali atadyedwa ndi mafuta ophikira. Panalibe wondiuza kuti Lusaka yense, ndi Kabwata yemwe, wakhala pamtunda womwewo. M'mutu mwanga ndinaona bwalo lili pansonga ya phiri, anthu ali yasa! ngati nsomba zotulutsidwa m'madzi.

Mabotolo sindinavutike kuwapeza. Pansi pa bedi la atate analipo ambiri, abulauni, a mankhwala a chifuwa, onse opanda kanthu. Ndinasankha awiri okongola n'kuwatsuka bwinobwino, osadzifunsa n'komwe kuti munthu mmodzi amamweranji mankhwala ochuluka chotere.

Atate anali kalipentala, koma miyezi imeneyo ankangokhala pakhomo. Ankati ali patchuthi. Kuyambira ndili wamng'ono anali atandilonjeza kuti tsiku lina adzanditenga kubwalo lalikulu la kumpoto kwa tauni, tikakhale pamzere wapamwamba penipeni, pamene ankati munthu amaona mpira ndi Lusaka yense nthawi imodzi. Lonjezo limenelo linkasunthidwa chaka ndi chaka, mpaka ndinaleka kulikumbutsa. Ndiyeno tsiku lina madzulo, popanda wowafunsa, anangoti, "Aphunzitsi, Loweruka tiyenda."

Ankanditcha Aphunzitsi chifukwa ndinkakonda kuwafotokozera zinthu zimene sanafunse. Amayi anasiya kusesa, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kusesa pomwe anali atasesa kale.

Loweruka linafika ndi mphepo ya fumbi ija imene imalowa mpaka m'mano. Tinakwera minibasi yopita mutauni, kenako ina ya njira ya ku Chunga, yodzaza ndi anthu ovala zobiriwira. Wina anali ndi ng'oma pamiyendo, wina lipenga lopangidwa ndi paipi. Titatsika ndinayang'ana uku ndi uku kufuna phiri lija. Panalibe. Bwalo linali chikhalire pamalo athyathyathya ngati chimbale chachikulu. Koma munthu wowerenga sagonja msanga. Ndinadziuza kuti kukwera kwake kuli mkatimo, pamasitepe.

Tisanafike pachipata atate anakhotera kumbali, kumene kuli manda a osewera aja a timu ya dziko lathu amene anagwa ndi ndege m'nyanja. Anavula chipewa. Khamu la anthu linkadutsa kumbuyo kwathu likuimba, koma pamalopo phokoso linkafika lofooka, ngati lochokera m'nyumba ya eni. Pepala la pulasitiki linali litakodwa pampanda, likupupuma ndi mphepo osachoka. Atate anagwira mpandawo ndi manja onse awiri, milomo yawo ikuyenda pang'onopang'ono. Ndinkaganiza kuti akuwerenga mayina.

"Awa anali na mapapo, Aphunzitsi," anatero. "Anali kuthamanga mpaka dzuwa n'kutopa lokha."

"Atate, tichedwa."

"Tiyeni. Iwo safulumira."

Pachipata wapolisi ankapisa aliyense m'matumba, chifukwa anthu ena ankagenda oimbira mpira ndi mabotolo. Anatulutsa anga onse awiri n'kukweza limodzi kudzuwa.

"Iwe kamwana, muli chani umu?"

"Mpweya, bwana."

"Chani?"

"Mpweya wa ku Kabwata. Kuno ni wochepa. Analemba mu nyuzipepala."

Wapolisiyo anatembenukira kwa mnzake. "Ba Sajeni, bwelani muone! Uyu abwela na mphepo yake ya kunyumba!"

Mzere wonse unaphulika ndi kuseka. Bambo wina wa chimimba kumbuyo kwathu anafuula kuti, "Tigulitseko, mwaiche! Ife ba ku Chelstone taiwala yathu!" Wapolisi anatsegula botolo lija, ine ndikuona ndi maso anga ntchito yanga ya m'mawa ikuuluka, ananunkhiza, n'kugwedeza mutu.

"Zoona. Yanunkha Kabwata."

Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Iye anaponya botololo m'dilamu n'kuyamba kupotokola chotsekera cha lachiwiri.

"Iyo musiyileni, bwana," anatero atate motsitsa mawu. "Ni yanga."

Atangotero anatsokomola, chifuwa chija chachitali chimene kunyumba tinali titachizolowera ngati kulira kwa chitseko. Wapolisi anayang'ana kapepala ka pabotolo. Kenako anayang'ana atate, khosi lawo, kolala ya shati imene inali itaima patali ndi khungu. Kuseka kunachoka pankhope pake. Anawabwezera botololo ndi manja awiri.

"Pitani bwino, ba mudala. Muziyenda pang'ono-pang'ono."

Ine ndinaganiza kuti wachita manyazi chifukwa chonyoza sayansi.

Mkatimo udzu unali wobiriwira kuposa chilichonse chimene ndinali nditaonapo mu Lusaka wa chilimwe. Koma maso anga anali pamasitepe a simenti amene ankakwera pakati pa anthu mpaka kukathera kumwamba. Tinayamba kukwera, ine patsogolo. Titakwera pang'ono atate anaima kufunsa mtengo wa mtedza, osagula. Patsogolo pake anaimanso kuti akonze nsapato, ngakhale nsapato zawo zinalibe zingwe. Kachitatu sanapereke chifukwa chilichonse. Ndinkawamva kumbuyo kwanga ngakhale ng'oma zinkalira: kupuma kwawo kunkamveka ngati sowo ikudula thabwa lonyowa.

Titafika chapakati anakhala pansi pasitepe pomwepo. Mayi wina anasendera kuwapatsa malo. Milomo yawo inali itatuwa ngati phulusa, thukuta likutsika m'mbali mwa makutu. Anakweza chala kuti ndidikire, ndipo patapita kanthawi anapeza mawu.

"Munanena zoona, Aphunzitsi. Kuno mpweya ni wochepa."

Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Kanali koyamba m'moyo wanga kuti munthu wamkulu avomereze zimene ndinawerenga. Ndinawafotokozera zonse, mokweza kuti oyandikana nafe apindule nawo: kuti sitepe iliyonse imachotsako mpweya pang'ono, kuti alendo aja afika pogwa okha chigawo chachiwiri chisanathe. Ndikulankhula choncho, bambo wa chimimba uja anatidutsa akuthamanga kukwera, akuimba. Pambuyo pake panadutsa gogo wina atasenza ndowa ya mazira owiritsa, akuitanira malonda ndi mawu onse. Ndinawaona onsewo. Ndinadziuza kuti anazolowera.

"Tsegulani botolo lija, atate. Muyandikitse pamphuno, usatayike."

Anachita monga ndinanenera. Anatsinzina, anakoka mpweya wa m'kabotolo kopanda kanthu kaja mwaulemu ngati akulandira mgonero, n'kutseka.

"Aa, Kabwata," anatero. "Yathandiza."

Koma sanadzuke. Osewera anali atayamba kulowa m'bwalo, anthu akuimirira. Atate anayang'ana masitepe otsalawo nthawi yaitali, anaika dzanja pabondo ngati akufuna kunyamuka, kenako analichotsa.

"Kwela iwe. Uyang'ane zonse, ubwele uniuze. Usasiye kanthu."

Ndinakwera ndekha, ndikudumpha miyendo ya anthu. Pamwamba penipeni mphepo inali yamphamvu moti shati yanga inafufuma. Ndinapuma mosamala, ndikudikira kuti chifuwa changa chitseke. Sichinatseke. Mpweya unali wochuluka, wozizira, wokwanira mtundu wonse. Atate sananame za malowo: ndinaona nyumba zazitali za mutauni zitaima mufumbi, madenga a malata akung'anima mpaka kumene maso amathera, utsi ukukwera apa ndi apo, minibasi zikukwawa ngati nyerere. Nditasuzumira kunja kwa khoma ndinaona manda aja pansi, atandanda bwinobwino ngati timu imene yaima kudikira nyimbo ya fuko. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Ndinabweza maso msanga.

Ndinayamba kufuna atate pakati pa mitu ya anthu. Sindinawaone. Zipewa zinali zambiri, zonse zofanana. Ndinawerenga mizere, ndinasokoneza, ndinayambanso. Ndili mkati mofufuza, timu yathu inagoletsa, ndipo bwalo lonse linadumpha ngati munthu mmodzi. Simenti inanjenjemera pansi pa mapazi anga. Ndipo pamenepo ndinawapeza, chifukwa pakati pa anthu oimirira panali mpata umodzi, ngati pamene pachoka dzino. Mumpatamo munali munthu wokhala pansi, atawerama, chipewa chili pabondo.

Sindikumbukira mmene ndinatsikira. Ndikumbukira kuti wina ananditukwana chifukwa ndinamupondera chikho. Nditafika atate anadzutsa mutu n'kumwetulira.

"Wagoletsa ndani? Ine nangoona matako a anthu."

Ndinakhala pambali pawo mpaka mpira unatha. Zigoli zake ndinaiwala. Chimene sindinaiwale n'chakuti alendo aja, amene nyuzipepala inati adzagwa, anathamanga mpaka wezulo yomaliza. Ndinkawayang'ana ndi mkwiyo, ndikupemphera kuti mmodzi yekha agwire pachifuwa.

Pobwerera tinadikira kuti anthu onse atuluke. M'minibasi atate anandiuza kuti ndifotokoze zimene ndinaona. Ndinawauza za nyumba zazitali, za madenga, za utsi, za minibasi zonga nyerere. Ankandifunsa mafunso ngati loya: utsiwo unali mbali iti, nyumba yaitali kwambiri inali kumanja kapena kumanzere, Kabwata ankaoneka? Ndinati ankaoneka, ngakhale sindinamuzindikire. Ankabwereza mawu anga chapansipansi. Za manda zokha sindinanene, ndipo iwo sanafunse.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa.

Papita zaka zambiri, ndipo tsopano ndimagula nyuzipepala yathunthu. Ndikudziwa kuti mpweya wa pabwalo lija ndi wa pakhonde pathu unali umodzi. Ndikudziwanso kuti atate ankadziwa zimenezo bwino lomwe, ndipo anabwereka umbuli wanga n'kuufunda ngati bulangete, kuti ine ndikhale mwana kwa Loweruka limodzi lowonjezera. Chimene chimandivuta mpaka lero ndi phokoso la chigoli. Kaya ndili m'bala, kaya kunyumba kwa mnzanga, anthu akangodumpha kukuwa, maso anga amayamba okha kufuna amene watsala chikhalire.

Maliro atatha, amayi anandituma kukabweza mapoto amene tinabwereka kwa Bana Chanda, mayi wachibemba amene ankakhala m'chipinda chapamwamba penipeni pa flati yathu. Ife tinkakhala pansi. Ndinakwera nawo mapotowo akugundana, ndipo ndinawapeza pakhomo pawo akusankha nyemba. Pambali pa chitseko panali kampando kathabwa. Anandilozera ndi mlomo.

"Nkala apo, mwaiche. Ndiye pamene banali kunkala batate bako."

Ndinati atate sankabwera kuno.

"Iwe unali kusukulu, uziba chani? Ukangochoka chabe, beve bayamba. Sitepe imozi, bapumula. Ina, bapumula. Masiku yoyamba banali kubwelela pakati. Ine nimvela chabe chifuba chikwela, chikwela, nafaka kampando panja. Bakafika bankala apo, sibakamba, namwesa manzi. Nabafunsa ati, imwe bashi mwana, mufuna kufela pakhomo panga? Beve ati, Bana Chanda, nili pa tulening'i, musamuuze Aphunzitsi."

Ndinayang'ana masitepe amene ndinali nditangokwera osawamva n'komwe.

"Koma sanafike," ndinatero. "Kubwalo kuja. Anatsala pakati. Pamwamba ninapita nekha."

Bana Chanda sanasiye kusankha nyemba. Anachotsa kamwala, anakaponya kunja kwa khonde, ndipo tonse tinamva kakugwera pansi patali.

"Ine banakwela kuno mailo yake, pa Sande, mpila utapita kale, banankala apo, baniuza vonse. Manyumba ya mutauni, utsi, maminibasi monga nyelele, na Kabwata banamuona. Banakamba ati tinafika bonse babili. Manje iwe usaniuze vina."